Fulu Amene Ankalawa Bowa Wake

Padangotero! Amene makutu anu ali kuno, vomerani kuti tili tonse.

Kalekale, nyama zikadayankhula ngati ine ndi inu, panali msika pamphambano, patsinde pa mkuyu waukulu. Ndalama kunalibe. Wa mchere ankasinthana ndi wa mapira, wa mphasa ankasinthana ndi wa makasu. Msikawo unali ndi lamulo limodzi: wogulitsa chakudya aziyamba walawa yekha, wogula akuona. Akameza n'kukhalabe chilili, malonda ayende. Ankati kumeneko ndiko kuchotsa ufiti. Lamulo labwino ndithu, kungoti amene analipanga ankayesa kuti mimba zonse n'zofanana.

Woyang'anira msika anali Muimba, mbalame ija yodya zowola, imene chibadwire sinamvepo m'mimba kupota. Mlonda wa zakudya ameneyo! Musandifunse amene anamusankha.

Tsono panali Fulu. Fulu ankafuna kukwatira Mwandida, mwana wa Gwape wa kumudzi wa kuseri kwa phiri. Mtsikanayo anali atalola, koma amayi ake, aNankhoma, anali asanatsegule pakamwa.

Tsiku lina Fulu ndi Mwandida anakumana pachitsime.

"Amayi akuti bwanji?" anafunsa Fulu.

"Akuti mwamuna wonyamuka tambala akulira n'kukafika kumunda nkhuku zikulowa adzandidyetsa chiyani?"

"Nanga iwe ukuti bwanji?"

Mwandida anaseka. "Ine ndikuti liwiro ndili nalo lokwana anthu awiri. Koma aonetseni amayi kuti manja muli nawo, aFulu. Mvula ikamatha azakhali anga abwera kudzamva za inu. Asadzapeze chigoba chokhachokha."

Fulu anabwerera kwawo mawu aja akumuyabwa. Khasu linkamulemera. Nkhwangwa inkamulemera. Anaganiza za bowa, poti bowa sathawa.

Koma bowa wabwino amamera kutali. Utale unali pachulu cha kudambo, manyame anali m'nkhalango ya kuphiri. Fulu akamafika ankapeza anzake atazula kale, kutangotsala timiyendo todyeka ndi mphutsi. Pamene kuseri kwa nyumba yake, pafupi pomwepa, panali mbuu bowa woyera, wonenepa, uja aliyense amamulambalala, amene amati bowa wa afisi.

Tsiku lina njala itamukola, anadyako. Anadikira imfa, imfa osabwera. Anadyanso, osamva kanthu. M'mawa mwake anapeza mbewa imene inangolumako pang'ono ili chagada, miyendo m'mwamba. Fulu anayang'ana mbewa, anayang'ana bowa, anayang'ananso mbewa. Musaganize kuti sanamvetse. Anamvetsa bwinobwino. Anaikankhira mbewa ija m'tchire, n'kukatenga dengu.

Anazula, anaduladula, anafutsa, anayanika padzuwa. Anasakanizamo kautale pang'ono koti kabweretse fungo, n'kumanga m'zikwatu za masamba a msuku. Bowa akauma, yense amada mofanana.

"Bowa uyu! Bowa wofutsa kale! Chikwatu chathunthu, mungondipatsa kambale ka mapira!"

Anzake ankafuna lichero lodzaza pa chikwatu chimodzi. Ndiye nyama zinaunjikana kwa Fulu. Ndipo kulawa kwake mukanakuona! Sankatsina kachidutswa ngati enawo. Ankatapa wambiri, n'kutafuna atatsinzina, n'kumeza khosi atalitulutsa lonse kuti aliyense aone pamene bowa akudutsa.

"Wamalonda woona ndi uyu," ankatero Muimba. "Enanu mumalawa ngati mukupsompsona njoka."

Tsiku lililonse Fulu ankamupatsa kachikwatu ka basela. Muimba ankadya, n'kumangonenepa.

Woyamba kubwera ndi dandaulo anali Pusi. Anabwera chowerama, mchira ukukwekwereza pansi.

"Iwe Fulu, wandidyetsa chiyani? Chidyere bowa wako ndasamukira kutchire. Ana anga aiwala nkhope yanga, akungodziwa msana ndikamathamanga."

"Pepani, achimwene," anatero Fulu. "Koma ndifunseko. Ndinalawa kapena sindinalawe?"

"Unalawa."

"Ndinameza kapena ndinalavula?"

"Unameza."

"Nanga ndafa?"

Pusi anatembenukira kwa Muimba. Muimba anakanda dazi lake.

"Lamulo likuti alawe. Walawa. Za kutchire lamulo silinenapo. Mwina ndi mapapaya osapsa mumaba aja, aPusi."

Msika wonse unaseka. Pusi anafuna kuyankha, koma kutchire kunamuitananso.

Fulu anabwerera kwawo akuimba mluzu. Ndimo mmene zimakhalira. Munthu akafuna kuchita choipa amayamba wafufuza pamene lamulo lathera, n'kukamanga nyumba yake pomwepo.

Wachiwiri anali Njiri. Iyeyu sanabwere ndi nthabwala.

"Mkazi wanga ali gone, maso achita chikasu. Mkaka waphwa, ana akulirira bere louma. Wadya bowa wako, palibenso china."

Fulu anapukusa mutu ngati wamva chisoni. Kenako anakweza mawu kuti msika wonse umve.

"Malume, tayang'anani anthuwa. Amene mwadyapo bowa wanga, kwezani mkono!"

Mikono inakwera yambirimbiri.

"Mwaona? Chaka chatha ankadya bowa ndani? Olemera okha. Lero namfedwa akudya, mwana wamasiye akudya. Mukufuna onsewa abwerere kukanyambita mchere chifukwa cha mimba imodzi? Umenewo ndi umbombo, malume. Muziganizirako anzanu."

Ambiri mwa okweza mikonowo anali atasamukirakonso kutchire. Koma ndani amanena zotero pagulu? Komanso kambale ka mapira n'kotsika, ndipo chotsika mtengo chimatseka pakamwa.

"Ambiri ndi ambiri," anagamula Muimba. "Mlandu palibe."

Njiri anakukuta mano, n'kupita kukasaka sing'anga. Tsiku limenelo Fulu anayamba kukhulupirira yekha kuti ndi wachifundo. Bodza ukalinena bwino, woyamba kupusitsika ndiwe mwini.

Wachitatu sanadzere pamsika. Anali Nungu, wophika mchere, bwenzi la malemu bambo ake a Fulu, amenenso anavomera kudzakhala nkhoswe yake pa ukwati. Anafika kunyumba mosayembekezeka, n'kumupeza Fulu kuseri, dengu lili pambali.

"Mwana wa mnzanga, uyu si bowa wa afisi?"

"Bowa ndi bowa, bambo."

"Usandizungulire. Iweyo sakukupha chifukwa mimba yako ndi ya mwala. Kulawa kuja anakuika kuti wogulitsa aziopa chimene wogula akuopa. Iwe ukamalawa umaopa chiyani?"

"Nanga ena? Amphasa sabisa bango lothyoka m'kati? Amapira sathira mankhusu pansi pa lichero? Aliyense pamsika ali ndi kake. Malonda si chibale, bambo. Wogula ali ndi maso, ali ndi mphuno. Akalephera kuzigwiritsa ntchito, ine ndimulere? Inunso mchere wanu ulibe kamchenga?"

"Mchere wanga ulibe mchenga."

"N'chifukwa chake mwakalamba ndi nsalu imodzi."

Minga ya Nungu inaima yonse. Koma anadzigwira.

"Ndikupita kudambo kukaphika mchere. Pobwera ndipeze zikwatu zonse wazitentha. Ukapanda kutero ndikanena pamsika, ndipo ufune nkhoswe ina."

Anapita. Nayenso Nungu sindimuyamikira pamenepa. Chinthu chakupha sachipatsa masiku oti chiganize.

Fulu sanatenthe kanthu. Anangoti agulitse zonse msanga, mkuluyo asanabwere. Nkhokwe yake inali itadzaza mapira, makasu ali mulu, nsalu zili pamutu pa mphasa. Mbiri inakwera phiri, inakafika kwa aNankhoma. Iwo anatsegula pakamwa tsopano, anati, "Kani kamnyamata kaja kali ndi manja." Kuyambira pamenepo anayamba kumuwerengera ngati mkamwini.

Mwambo wake mukuudziwa. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso, sanong'onezana. Akakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Pakakhala mawu, amadzera mwa munthu wina.

Tsiku la msika linafika. Dzuwa lisanakwere kwambiri, Fulu anangoona aNankhoma atulukira ndi dengu lawo. Anaima chapatali, nkhope atalozetsa kumkuyu. Fulu anatembenuka msanga, n'kuwapatsa chigoba. Muimba analumphira pakati.

"Mawu adzere mwa ine!"

Muimba ameneyu kunong'ona sankakudziwa.

"Auzeni akamwini," anatero aNankhoma, "kuti azakhali a Mwandida afika lero. Ndikufuna alawe bowa wotchukayu, adziwe kuti mwana wawo sadzagona ndi njala. Aphika ndi Mwandida mwini wake."

Muimba anabwereza mawuwo mofuula, mpaka amphasa kumapeto kwa msika anamva. Fulu anayankha chapansipansi.

"Auzeni amayi kuti bowa watha."

"Watha bwanji," anafuula Muimba, "mulu uwu ukundiposa ine msinkhu?"

"Auzeni kuti uyu ndinalonjeza ena."

"Ena ati oposa apongozi? Mnyamata iwe, ukufuna ukwati kapena ukufuna mapira?"

Nyama zinaseka. Fulu anayesanso.

"Auzeni kuti mawa ndiwapititsira wabwino."

"Wabwino?" Anali Pusi, ali panthambi ya mkuyu, nthiti zikuwerengeka. "Tamvani, anthuni! Apongozi awapititsira wabwino. Nanga uyu watiwondetsa ifeyu ngwotani?"

Njiri anasiya zimene ankachita, n'kusendera pafupi.

Apa khomo lotulukira linalipo, lotseguka. Fulu akanangoti, "Amayi, musatenge, ngwoipa." Msika ukanamutaya, mwina Njiri akanamuponda, koma mphika sukanapita pamoto. Anayang'ana nkhope zonse zija. Anayang'ana mulu wa zikwatu. Kenako anamasula chimodzi, anatapa, anatafuna atatsinzina, n'kumeza khosi lili panja.

"Ndimati wabwino koposa," anatero. "Uyunso ngwabwino. Auzeni amayi atenge, mapira asapereke."

"Mwaona ulemu?" anafuula Muimba.

ANankhoma anawomba m'manja, anaika chikwatu m'dengu, n'kunyamuka. Ndipo gwape sayenda, abale anga. Gwape amauluka. Fulu asanatembenuke n'komwe, iwo anali atazimirira m'njira ya kuphiri.

Fulu anasiya malonda ali pomwepo, n'kulowa m'njira yomweyo. Mumtima ankati, "Bowa wouma amayamba wanyikidwa m'madzi. Nsinjiro amayamba asinja. Nthawi ilipo. Ndikafika, ndikaba chikwatu chija, palibe adziwe."

Anakwawa. Anakwawa. Anakwawa. Atacheuka, mkuyu unali pomwepa.

Pusi ankamutsatira m'mitengo.

"Alamu, mwasiyira yani malonda? Koma liwiro! Chepetsani, fumbi lake tatsamwa nalo!"

"Pusi, m'bale wanga, ndithandize. Thamanga ukauze Mwandida kuti asaphike bowa uja."

"Chifukwa?"

"Ungomuuza basi."

"Ine ndi mimba yangayi ndikwere phiri popanda chifukwa? Ndikafike ndikati, 'Tayani mphatso ya mkamwini,' andimenye ndi mthiko? Nena chifukwa, ndithamanga pompano. Pali amayi anga, ndithamanga."

Fulu anatsegula pakamwa. Anaganiza za Mwandida ali kukhitchini. Anaganizanso za Pusi akubwereza mawuwo pansi pa mkuyu, Njiri akumva. Anatseka pakamwa. Anatsegulanso.

"Ali ndi mchenga."

"Mchenga amatsuka," anatero Pusi, n'kubwerera kumsika.

Fulu anakwawa yekha. Dzuwa linafika pamutu, iye ali patsinde pa phiri. Dzuwa linapendeka, iye ali pakati. Pamene ankatsikira m'mudzi, fungo la bowa wotendera linamuchingamira kunjira.

Pabwalo la aNankhoma panali mphasa. Pamphasapo panali azakhali, akusamba m'manja. Mwandida anali atagwada, akutula mbale ya ndiwo pakati pawo.

Fulu sanaodire. Anakwera pamphasa ndi matope ake, anadutsa pamiyendo ya azakhali, n'kulowa m'mbale mutu ndi miyendo yomwe. Anadya, anadya, anadya, mpaka mbale mbee. Anakwawira kumafuwa, anagubuduza mphika, n'kunyambita zotsala zonse.

"Mayo ine! Chimenechi n'chiyani?"

"Achemwali, mkamwini munkatiuza uja ndi ameneyu?"

"Wolemera uja? Kwawo kulibe ndiwo?"

"Ine chibadwire sindinaonepo mkamwini wosamba m'mbale!"

Fulu anatuluka mumphika nsinjiro zili m'maso. Mtima wake unakhala pansi. Ankati, "Anditche wosusuka, palibe kanthu. Kususuka amapepesa ndi nkhuku. Mkazi ndamupulumutsa, dzina langa pamsika ndalipulumutsa."

"Pepani, amayi nonse," anatero chozolika. "Njala ya ulendo."

Mwandida anaseka kaseko kamanyazi, akubisa nkhope ndi nsalu.

"AFulu, mukanangonena, ndikanakupakulirani panokha. Ine ndalawa kangapo konse pophika, ndimafuna mchere ukhale bwino, azakhali asapeze pokunyozerani. Tsono inu..."

Sanamalize. Anagwira pamimba. Thukuta linatuluka pamphumi. Maondo anapindika, n'kugwa chammbali pafupi ndi mbale ija.

Azakhali anakuwa, anamuzungulira. Koma aNankhoma sanakuwe. Anayang'ana mphika wonyambitidwa. Anayang'ana mwana wawo. Kenako anazungulira mphasa, n'kudzaima kutsogolo kwa Fulu, maso ndi maso.

"Achemwali!" anatero azakhali ena. "Mkamwini ameneyo, mwaiwala?"

"Ndikumuyang'ana chifukwa si mkamwini wanga. Iwe Fulu, tukula maso. Munthu sakwera phiri kudzadya bowa amene wamusiya mulu pamsika. Mwana wanga wadya chiyani?"

Fulu anayang'ana maso a mayi uja kamodzi kokha. Kenako anabweza khosi pang'onopang'ono, mpaka mutu wonse unalowa m'chigoba.

ANankhoma sanafunsenso. Yankho anali atalimva.

"Funditsani madzi! Thiranimo mchere! Wina andipatse nthenga ya nkhuku!"

Anamumwetsa Mwandida, anamusanzitsa, anamumwetsanso, anamusanzitsanso. Wina anathamangira sing'anga. Onse anamuiwala Fulu pamphasa, mpaka azakhali ena atapunthwa pa iye. Anatenga munsi, n'kumukankha nawo ngati chinthu chosayenera kukhudza ndi manja, kumutulutsa kunja kwa mudzi.

Mbiri inatsika phiri mwachangu kuposa mmene inakwerera. Njiri anatentha zikwatu zonse pakati pa msika. Muimba anaima pambali pa motowo akupukusa mutu, n'kumati, "Ine kamnyamata kaja ndinkakakayikira kuyambira kale." Ndipo anakhalabe woyang'anira msika. Oterewa sachoka msanga.

Mwandida anagona mpaka mapira anacha, koma sanafe. Atadzuka, Fulu anapempha Nungu kuti akamupepesere. Nungu anakana kawiri, kachitatu anapita chifukwa cha malemu mnzake uja.

"Akuti ndikuuze kuti anakwera phiri lonse lija chifukwa cha iwe, mwanawe. Akuti miyendo inachita kutuluka magazi."

Mwandida anali pakhonde, wowonda, akuwothera dzuwa. Sanaseke ngati kale.

"Agogo, pamsika panali amiyendo ambiri. Mawu amodzi akanafika kuno bowa asananyikidwe. Mukamuuze kuti phiri lija ankakwerera dzina lake, osati ine."

Nungu anabwerera nawo mawuwo, anawatula osachotsapo kanthu. Fulu anamva, n'kulowetsa mutu m'chigoba. Mpaka lero mukamupeza m'tchire ali yekha pa bowa amene aliyense amamukana, mukangomuyang'ana kumaso, amabisa nkhope.

Phunziro lake ndi ili. Pa malonda, usadzifunse kuti lamulo likundilola kodi, kapena osangalala ndi angati, kapena anzanga akutani. Mafunso amenewo wakuba aliyense amawayankha bwino. Dzifunse kuti: chimene ndikugulitsachi, atabwera kudzagula amene ndimamukonda, ndingamupatse mtima uli m'malo? Ngati sungamupatse, usapatsenso mwana wa mnzako. Ndipo ukalakwa, nena msanga, chifukwa manyazi sapha, koma chimene ukubisacho chimapha.

Nthano yanga yadukira pomwepa. Amene munakwirira mbatata paphulusa, kaphuleni isanapserere.